Alexander Whyte ndi Mkungudza wa ku Mulanje

Kwathu ku Phalombe, ukaima pabwalo m'mawa nkhungu ikangoyera, phiri la Mchese limaoneka ngati ungalikhudze ndi dzanja. M'zigwa za pamwamba pa phiri limeneli, komanso pa Mulanje, ndi momwe mudali mitengo ya mkungudza yomwe ena amaitcha sida. Mabuku a sayansi amautcha mtengowu Widdringtonia whytei. Dzina lachiwirilo ndi la munthu, Alexander Whyte.

Whyte adabadwira ku Fettercairn m'dziko la Scotland mu 1834. Zaka zambiri za moyo wake adathera ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka. Adafika kuno mu 1891 pamodzi ndi Harry Johnston, yemwe adatumidwa kudzakhazikitsa boma la Angerezi. Nthawi imeneyo nkuti ali ndi zaka 57, msinkhu woti ena akhale pakhonde nkumalera zidzukulu. Iye ntchito yake idali yofufuza zomera, mbalame ndi nyama za dziko lino.

Ku Zomba adapeza kale munda. John Buchanan, yemwe poyamba adali wosamalira dimba la Mishoni ya Blantyre, adali ndi esiteti ya khofi m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, ndipo ndiye adamanga nyumba ya kazembe yomwe pambuyo pake idadzakhala Hotel Masongola. Pafupi ndi nyumbayi Whyte adakonza munda woyeseramo mbewu ndi mitengo yochokera kunja. Munda umenewu ndiwo Zomba Botanical Gardens, komwe ophunzira ambirife timakawerengera pamthunzi mayeso akayandikira, osafunsa kuti adayamba kubzalapo ndani.

Chakumapeto kwa 1891 Whyte adakwera phiri la Mulanje. Adatola nthambi ndi njere za mitengo yaitali yonunkhira yomwe adaiona kumeneko nkuzitumiza ku London. Mu 1894 katswiri wa zomera Alfred Rendle adaulemba mtengowu m'mabuku ndi dzina la Whyte. Apa ine wophunzira zinenero ndimakhala ndi kachifukwa. Mabuku ena amati Whyte ndiye adatulukira mtengowu, chonsecho anthu okhala m'tsinde mwa phiri adali ataupatsa kale dzina. Omwe adamulondolera njira ndi kumunyamulira katundu mpaka pamwamba, maina awo sitiwamva. Komabe sindingamulande ulemu wake wonse, pakuti kukwera Mulanje pa msinkhu umene uja, nkusunga bwino zomera kuti zikafike kutsidya lanyanja zisadaole, si ntchito yamasewera.

Kutchuka kudaubweretsera mtengowu mavuto. Matabwa ake sadyedwa chiswe ndipo sachedwa kupalika, choncho boma la atsamunda lidayamba kucheka mkungudza womangira nyumba. Boma lomwelo mu 1893 lidamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Mchese pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo, ndipo mabwinja ake alipobe kwathu kuno.

Whyte sadakhalitse. Mu 1896 adakafufuza zomera ku Nyika ndi ku Misuku, kenaka adapita ku Uganda komwe adayambitsa munda wina wotere ku Entebbe. Adagwirakonso ntchito ku Liberia, ndipo adamwalira ku England mu 1908.

Mtengo wake udatsala kuno. Phiri lidakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Ulemu wonsewu sudaletse macheka kapena moto wolusa. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha pa phiri lonse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likubzala mbande zikwizikwi mothandizana ndi anthu a m'midzi, ndipo mu 2025 UNESCO idaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Koma mkungudza umakula pang'onopang'ono. Kuti mbande zimenezi zifike pa msinkhu wa mitengo yomwe Whyte adaiona mu 1891, padzadutsa mibadwo ingapo.